A Kumanzere ndi Jombo Yopanda Inzake

Mphekesera imene inkayenda mumsewu wathu, kuyambira ine ndisanamere imvi, inali yakuti agogo awo a a Kumanzere, mkulu wosoka nsapato uja, anathawa nkhondo. Amati anayatsa liwiro loti jombo imodzi inalephera kuwatsatira, inatsala komweko, ndipo mpaka lero ikudikirabe mwini wake. Ine wometa anthu tsitsi, amene khonde langa linagundana ndi lawo, nkhani imeneyi ndinkaikhulupirira ndi khutu limodzi. Khutu linalo linkakana, koma mwaulesi.

Inu amene simunawaone a Kumanzere, munamanidwa. Mkulu ameneyu sankasunga nkhope ya munthu. Ankasunga mapazi. Mukawapatsa moni, maso awo ankatsika n'kukayankha nsapato zanu.

"Mwadzuka bwanji a Kumanzere?"

"Ine ndadzuka, koma chidendene chanucho sichinagone bwino."

Tsiku lina akazi awo anagula nsapato zatsopano osawauza. Masana anabwera ndi chakudya m'kambale, n'kuima pakhonde. A Kumanzere anayang'ana pansi, anaona nsapato zachilendo, anapukuta benchi ndi nsanza.

"Takulandirani mayi. Tikuthandizeni chiyani?"

"Mundithandize kupeza mwamuna wanga," anatero alamu angawo. "Ndinamusiya pano m'mawa, ali ndi maso awiri."

Dzina loti Kumanzere linachokera pamsomali. Pamwamba pa tebulo lawo, pakati pa zikopa ndi mabotolo a guluu, pankapachikidwa jombo imodzi ya usilikali, ya phazi lamanzere, yakuda bii, yonyezimira kuposa galasi langa lometera. M'mawa uliwonse, asanatulutse nyundo, a Kumanzere ankaima njo, kugunditsa zidendene, n'kuichitira sawasha. Kenako ankaitsitsa, kuipaka polishi, kuinong'oneza zimene ife sitinkamva, n'kuibwezera pamsomali.

Zimene zinkadziwika za agogowo zinali zochepa, zokwana m'chikhatho. Anali m'gulu la asilikali oyenda pansi, aja amene nkhondo amaiponda ndi mapazi awo. Anabwera kumudzi nkhondo isanathe, anzawo onse akadali komweko. Anafika ndi jombo imodzi, ndipo phazi lamanja linali ndi bala pachidendene. Munthuyo anali wosayankhula. A Kumanzere ankawakumbukira pang'ono chabe: nkhalamba yotsimphina, yokhala pakhomo phazi lili m'beseni la madzi ofunda. Ukafunsa za nkhondo, ankangoti, "Zinatha zimenezo," n'kupempha kuti uwonjezere madzi.

Pamene munthu wasiya chete, anthu amadzazapo zawo. Wodzaza wamkulu mumsewu wathu anali a Telala, amene makina awo osokera ankalira tsidya lina la msewu. A Telala pakamwa pawo pankathamanga kuposa makinawo.

"Achimwene," ankafuula chomwecho ulusi uli kukamwa, "ine sukulu sindinapite nayo patali, koma tandiuzani. Chipolopolo chimapeza bwanji chidendene cha munthu amene akupita kutsogolo? Chimazungulira? Chimapempha njira?"

"Sokani mabatani anuwo, a Telala."

"Akuluakulu anati ukayenda siya phazi. Agogo anu anawonjezera mwambiwo, anasiya ndi nsapato yomwe!"

Ife tinkaseka. A Kumanzere nawonso ankaseka, koma kuseka kwawo kunkathera m'njira. Sankakwiya ayi. Chimene chinkawadya chinali chidwi, chija chimakulepheretsa kumeza tiyi bwinobwino. Tsiku lina ndikuwameta anandiuza ali pansi pa nsalu:

"Akulu, ine sindikuti agogo anali mkango. Mako ndi mako angachepe mwendo. Koma dzanja langali limakwera pachipumi m'mawa uliwonse, ndipo likufuna kudziwa kuti likuchitira sawasha ndani. Ngati anathawa, wina andiuze bwinobwino. Ndiitsitsa pamsomalipo, ndiika m'bokosi, ndizingowakonda ngati agogo basi."

Kufufuza kwawo kunayambira pa makasitomala. Ukabweretsa nsapato yong'ambika, ankayamba aivula kuphazi lako, kuiika pansi pa benchi pamene sungafikire, ndiye mafunso n'kuyamba. Kwanu kunali amene anapita kunkhondo? Anali wapansi kapena wa magalimoto? Anabwera ndi nsapato zingati? Munthu wopita kuntchito ankayankha ataima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Ena, pofuna kumasulidwa, ankapeka agogo a usilikali pomwepo. Dalaivala wina wa basi anapeka agogo atatu m'chaka chimodzi, ndipo a Kumanzere anawakumbukira onse atatu, n'kumamufunsa kuti wachiwiri uja anathera kuti.

Kenako wina anawauza kuti kumzinda waukulu kuli ofesi imene imasunga mbiri ya asilikali akale. Anavala jekete ya ukwati wawo, anakulunga jombo m'thaulo ngati khanda, n'kukwera basi. Zimene zinachitika kumeneko anatifotokozera okha, ndipo a Kumanzere sankadziwa kunama, ngakhale pamene bodza likanawathandiza.

Kalaliki wake anali munthu waulemu ndithu. Anafunsa dzina la agogo, anasanthula, anabwera ndi fumbi m'mphuno. Anati a dzina limenelo analipo ambiri, ndipo ena polowa usilikali ankatchula dzina la bambo awo, ena la amalume, ena lopeka.

"Koma musadandaule bambo," anatero kalaliki. "Mwachita bwino kubweretsa jomboyi. Gulu limenelo linkadinda nambala ya msilikali kunsi kwa jombo, apa, pamene sipagunda pansi. Nambala ikapezeka, munthu wapezeka. Taitembenuzani."

A Kumanzere anaitembenuza. Kunsi kwake kunali soli yatsopano, yokongola, yosokedwa mwaluso, yosalala ngati tsaya la mwana.

"Soli iyi si ya nthawi ya nkhondo," anatero kalaliki.

"Ayi bwana. Ndinaika ndine. Yakale ija inali itatha, inkachititsa manyazi."

"Nanga yakaleyo ili kuti?"

"Ndinadulamo tizigamba. Chikopa chake chinali chabwino kwambiri."

Abale anga, nambala ya agogo inali itamwazikana m'tauni monse, ikuyenda pansi pa mapazi a anthu osadziwa kanthu. Ndipo sinali soli yokha. Pofunsana bwino, zinapezeka kuti m'zaka zonsezo, chifukwa cha chikondi, a Kumanzere anali atasintha chidendene, zingwe, lilime, timabowo ta zingwe, ndi chikopa cham'kati. Mwana wa munthu wamba akanaisiya jomboyo kuti iwole ndi nambala yake. Koma iyi inagwa m'manja mwa wosoka nsapato.

Anati kalaliki uja anawamvera chisoni mpaka anawapatsa tiyi. Iwo pomwa tiyiyo anaona kuti nsapato ya kalaliki yayasama kutsogolo, ndipo anaisoka pomwepo, poti singano sinkachoka m'thumba la jekete.

Atabwera, a Telala anagwa pampando ndi phwete.

"Ndiye chatsala cha agogo n'chiyani pamenepa? Fungo?"

"Fungonso ndi la polishi wanga," anavomera a Kumanzere mwachisoni.

Koma chinalipo chimodzi chimene sanachikhudze. Cham'mbali mwa jomboyo munali pong'ambika pang'ono, posokedwa ndi kawaya kopyapyala m'malo mwa ulusi. Kasokedwe kake kanali konyansa, kopendekera chammbuyo, komaliza ndi mfundo yonga ya munthu womanga mbuzi. A Kumanzere ankati kangapo konse anatenga chopanira kuti achotse manyaziwo, koma ankaima, chifukwa sankamvetsa kuti munthu angasoke bwanji moipa chotero koma osamasuka zaka zonsezi. Chidwi chinapulumutsa chimene chikondi chikanawononga.

Ulendo wachiwiri unali wa kunyumba zimene boma limasungirako asilikali okalamba. Kumeneko anapitako kambirimbiri, Loweruka lililonse limene alamu anawalola, atanyamula nyundo ndi guluu. Ankasoka nsapato za nkhalambazo kwinaku akufunsa. Vuto linali lakuti nkhalambazo zinkakumbukira aliyense. Ukatchula dzina lililonse, zinkati, "Eee, ameneyo! Wamtali uja!" Ukati anali wamfupi, zinkati, "Eya, anafupika pambuyo pake."

Panali mmodzi yekha amene mutu unali udakali pamalo, amene anzake ankamutchula kuti a Sajeni. A Sajeniwo sanawadziwe agogo a a Kumanzere, ndipo ananena mosabisa kuti sanawadziwe. Koma atamva za bala la pachidendene ndi nzeru za a Telala, anaseka mpaka anatsamwa.

"Telala wanuyo nkhondo anaionera pa kanema eti? Akuganiza kuti tinkamenyana titaimirira ngati anthu odikira basi? Mdzukulu wanga, gona pansi."

"Pano, a Sajeni?"

"Gona! Chafufumimba! Mfuti kutsogolo, chibwano m'dothi!"

A Kumanzere anagona pasimenti ndi jekete ya ukwati. A Sajeni anawazungulira ndi ndodo yawo.

"Tsopano mdani ali uko, kumene ukuyang'anako. Bomba lake silibwera ngati mlendo wa pakhomo. Limadutsa pamwamba, n'kugwa kumbuyo kwako. Ndiuze, n'chiyani chako chimene chatumphuka m'mwamba?"

Ndodo inagogoda chidendene. Kenako inagogoda pena pake pofewa.

"Ziwiri zimenezi," anatero a Sajeni. "Theka la anthu m'nyumba muno sakhala bwino pampando, ndipo palibe anathawa."

Atawaonetsa jombo, a Sajeni sanasamale za polishi. Chala chawo chinapita pa kawaya kaja.

"Uyu ndi waya wa lamya ya kunkhondo. M'chipatala cha m'matenti ulusi unali wa madokotala, wosokera anthu. Odwala akafuna kusoka zawo ankasenda waya. Ndipo usadabwe kuti ili yokha. M'chipatala muja jombo zinkasudzulana. Wina phazi lamangidwa mabandeji, jombo sikulowa. Pabedi loyandikana pali wina amene wadulidwa mwendo, zake zinatsala kuthengo, akufuna imodzi yokha. Ukanakhala iwe ukanatani?"

Lolemba lake a Kumanzere anafika mumsewu wathu ngati munthu amene wapeza ntchito. Sawasha itatha, anawoloka msewu, n'kugona chafufumimba pakhomo pa a Telala, tsache lili kutsogolo ngati mfuti.

"A Telala, tulukani! Muone chimene chatumphuka!"

Mayi wina wodutsa anayamba kulira, kuyesa munthu wagwa ndi matenda. Anthu anaunjikana. A Kumanzere anafotokoza zonse ali chigonere, za bomba, za chidendene, ndi za pena paja. A Telala anamvetsera, tepi ili m'khosi, kenako anakanda chibwano.

"Ndamva achimwene. N'zotheka. Koma wothawanso ali nacho chidendene."

A Kumanzere anadzuka, anasasa fumbi, ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti anagwedeza mutu movomera.

"Mwanena zoona. N'zotheka si umboni."

Ndi mmene analili. Ankafuna choonadi kuposa kupambana mkangano, khalidwe limene mumsewu wathu timaliona ngati matenda.

Koma tsopano anali ndi poyambira. Ngati a Sajeni ananena zoona, jombo yamanja sinatsale kuthengo. Inapita kwawo kwa munthu wina wa mwendo umodzi, ndipo mwina ikadali m'nyumba ina, pansi pa bedi kapena pamwamba pa kabati. Nanga munthu amaitana bwanji nsapato imodzi kuti ibwere yokha? A Kumanzere anaganiza sabata yathunthu, kenako anatenga katoni ndi penti, n'kulemba zilembo zikuluzikulu: NSAPATO IMODZI TIMASOKA ULERE.

Ine ndinawachenjeza. Ndinati, "Akulu, anthu a mumsewu uno mukuwadziwa?" Anati sakuwadziwa nkhope, koma mapazi awo ndi oona mtima.

Kuyambira tsiku limenelo m'tauni mwathu munalibenso munthu wa nsapato ziwiri. Lolemba munthu ankabwera ndi yamanzere, nkhope yachisoni, ati inzake inabedwa. Lachinayi yemweyo ankatuma mkazi wake ndi yamanja. A Kumanzere ankaizindikira asanaigwire n'komwe.

"Iyi ndi mkazi wake wa ija ya Lolemba. Mukaipatse moni."

N'kuisoka ndithu, poti chikwangwani chinali chitanena. A Telala anabweretsa nsapato zawo zonse, imodziimodzi, mpaka ndi za apongozi awo. Ineyo ndinangopititsako ziwiri zokha, mosiyanitsa masiku, pofuna kuona ngati chikwangwanicho chikugwira ntchito.

Alamu anapirira mwezi umodzi. Kenako anabwera pakhonde manja ali m'chiuno.

"Bambo, kunyumba kuja ndiziphika chikwangwani?"

"Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo idzakupezani mutauma! Agogo anu anabwera ndi jombo imodzi. Inu mudzapita opanda ndi imodzi yomwe!"

Anagwirizana pakati. Chikwangwani chinatsala, koma pansi pake alamu anawonjezera ndi dzanja lawo: YA USILIKALI YOKHA. Makasitomala a ulere anatha ngati mame. Koma mbiri inali itapita kale. Madalaivala a basi, makamaka uja wa agogo atatu, ankaifotokoza m'madepoti akutali ngati nthabwala: kwathu kuli wamisala wina amene amasoka jombo imodzi ulere. Nthawi ndi nthawi jombo inkabwera ndithu. Ina ya mlonda, ina ya wozimitsa moto, ina yoti galu anadya inzake. A Kumanzere ankaitembenuza, kufufuza waya, kupuma mozama, n'kuisoka bwinobwino.

Zaka zinadutsa. A Sajeni anamwalira. Makina a a Telala anayamba kutsokomola, eni akenso chimodzimodzi. Ine manja anayamba kunjenjemera, moti makasitomala anga anatsala okhawo olimba mtima. A Kumanzere maso anachita ng'ala. Munthu amene moyo wake wonse ankatidziwa ndi nsapato anayamba kutidziwa ndi kapondedwe kathu. Ankabwerabe pakhonde, alamu atawagwira dzanja, n'kumasoka zing'onozing'ono ndi zala zokha. Sawasha sinaphonye, ngakhale kuti masiku ena inkalunjika pa kalendala, ndipo ife tinkangowatembenuza mapewa pang'ono.

M'mawa wina kukutentha, ine ndikunola lumo, pakhonde panaima mayi wachikulire wa imvi zake, wovala mwaulemu, atanyamula chikwama cha nsalu. Anati ndi mphunzitsi wopuma ntchito, wachokera kutali, wabwera kudzaona mwana wake m'tauni muno.

"Pepani bambo, ndi pano pamene amasoka jombo imodzi? Anandiuza ndi dalaivala, koma ndimayesa nthabwala."

"Ndi pano mayi. Nsapato zanuzo zikulira bwino, si za kuno. Jomboyo ndi ya mlonda?"

"Ndi ya malemu bambo anga. Ndikusamuka m'nyumba yaikulu, ndiye ndaipeza m'sutikesi, chikopa chauma. Ndimati mwina muipake mafuta, komanso muchotse waya wonyansa ali kumbuyoyu, musoke bwino."

Lumo langa linaima lokha.

A Kumanzere anatambasula manja onse awiri. Jomboyo inali yotuwa, yokwinyika ngati nkhope yanga, ya phazi lamanja. Zala zawo zinayenda kuchokera kutsogolo, m'mbali, mpaka kuchidendene. Pamenepo chikopa chinali chitang'ambika kwambiri, ndipo chinali cholumikizidwa ndi kawaya, mopendekera chammbuyo, pomaliza pali mfundo ya womanga mbuzi. Zalazo zinaima pamfundopo nthawi yaitali.

Ine ndinkayembekezera misozi. Koma a Kumanzere anali a Kumanzere.

"Mayi, bambo anu anali amanzere?"

"Eee, ankalemba ndi dzanja lamanzere. Mwadziwa bwanji?"

"Nanga miyendo anali nayo ingati?"

"Bambo!" anatero alamu. "Munthu amafunsa choncho?"

Mayi uja anaseka. "Asiyeni afunse. Unali umodzi, wamanja. Wamanzere anausiya kunkhondo."

Ndinawapatsa mpando wanga wometera, ndipo anafotokoza. Bambo awo, anati, anali munthu wolongolola, woti nkhani ya nkhondo ankaikamba ngakhale kwa munthu wodzafunsa njira. Ana onse ankaidziwa pamtima. Anali atagona m'ngalande ndi mnzawo wina, mapewa kugundana, mfuti zitaloza kutsogolo. Mnzawoyo ankamutchula kuti Chete, chifukwa miyezi yonse imene anakhala limodzi sanamve mawu ake okwana dzanja. Bomba linagwa kumbuyo kwawo. Iwo linawatengera mwendo, Chete linamuboola chidendene. Kuchipatala anagonekedwa mabedi oyandikana. Bambowo, posowa chochita ndi manja, anasenda waya n'kusoka jombo zonse ziwiri za Chete. Tsiku limene madokotala anawalembera onse awiri kuti nkhondo yawo yatha, azipita kwawo, Chete anatenga jombo yamanja n'kuiika pabedi la mnzake.

"Bambo ankati tsiku limenelo ndiye Chete analankhula nkhani yaitali. Anati, 'Tengani. Ine sikundilowa.'"

"Ndi iwowo," anatero a Kumanzere. "Amenewo ndi agogo. Mawu atatu."

"Koma bambo ankadandaula moyo wawo wonse kuti inali yaikulu. Ankaikamo nsanza. N'chifukwa chake ankangoivala pa masiku akuluakulu."

"Kwathu mapazi ndi aakulu, mayi. Pepani m'malo mwa banja."

Apa n'kuti a Telala atawoloka kale msewu, poti khutu lawo silinakalambe. Anatsitsa okha jombo ya pamsomali, anaiika pambali pa inzake, yonyezimira ndi yotuwa, ngati mwana wa m'tauni ndi msuweni wake wa kumudzi. Anavala magalasi, anawerama, anayang'ana waya uku, anayang'ana waya uko. A Telala akanatha kutsutsa a Sajeni, kalaliki, ngakhale mayi mphunzitsi. Koma munthu amene wasoka moyo wake wonse sangatsutse msoko.

"Dzanja ndi limodzi," anatero. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira. "Koma kusoka sankadziwa."

"Kwagwira mpaka lero," anatero a Kumanzere. "Mabatani anu amagwira mpaka Lachitatu."

Kenako zala zawo zinatembenuza jombo yotuwayo n'kupapasa kunsi, pamene sipagunda pansi. Nambala inalipo, yodindidwa m'chikopa. Anaiwerenga ndi chala, mobwereza, milomo ikuyenda, ngati munthu amene akuphunzira dzina la mwana wobadwa kumene. Pomwepo dzanja lina, mwa chizolowezi chake, linayamba kufufuza singano patebulo.

"Soli iyi yauma, ikufunika..."

Alamu analimenya dzanjalo, phaa!

"Mukangoikhudza, bambo, ine ndikupita kwathu lero lomwe, ndi ukalamba wangawu."

A Kumanzere anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafunsenso chilolezo. Anauza mayi mphunzitsi kuti jombo imeneyi ndi yokhayo m'moyo wawo imene akukana kuisoka, ngakhale chikwangwani chikunena. Mayiwo anakhala mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa mafunso anali asanathe. Ngalandeyo inali yakuya bwanji? Chete ankadya ndi dzanja liti? Ankaseka? Mvula ikagwa ankayanika kuti masokosi? Zina mayiwo ankadziwa, zambiri sankadziwa, ndipo chilichonse chosadziwika a Kumanzere ankachilandira mokondwa ngati kasitomala watsopano. Pochoka, mayiwo anaisiya jomboyo. Anati zakhala zosudzulana nthawi yaitali, zikhaleko limodzi.

Ndinakhoma msomali wachiwiri ndine. M'mawa mwake a Kumanzere anaima njo, anagunditsa zidendene, dzanja linakwera pachipumi, ndipo linakhala pamenepo mpaka alamu anati tiyi akuzizira. Tsidya lina la msewu makina a a Telala anali chete. Sindikunena kuti anaimirira. Ndikungoti nditayang'ana, sanali pampando.

Ankati mwezi wotsatira apitanso kwa kalaliki uja ndi nambala, akamve kuti gulu la agogo linayenda mayiko ati, linawoloka mitsinje iti. Jekete anali ataitulutsa kale kuti iwombedwe mphepo. Sanapite. Chifuwa chinawagwira nyengo yozizira itangoyamba, ndipo sichinachedwe nawo.

Pakhonde paja tsopano pali mnyamata wogulitsa zikwama za mafoni. Ndi waulemu, amayang'ana anthu kumaso. Jombo ziwiri zija alamu anapita nazo kunyumba, koma misomali ikadalipo, iwiri, ndipo mwiniwake watsopanoyo amapachikapo ambulera. A Telala masiku ano amasoka osayankhula, moti anthu akuti akudwala. Sakudwala ayi, angosowa womuputa. Msewu wathu nsapato zake zayamba kupendama, ndipo palibe amene amakuuza kuti chidendene chako sichinagone bwino. Ine ndakhala ndikuyang'ana mitu ya anthu moyo wanga wonse, koma tsopano munthu akalowa kudzameta, ndimapezeka kuti maso anga atsika kale pansi, ndipo pakamwa panga patsala pang'ono kufunsa ngati kwawo kunali amene anapita kunkhondo.

Za mphekesera ija, khutu langa laulesi lija ndi limene linkamva bwino. Agogo a a Kumanzere sanathawe nkhondo. Anavulala atagona m'ngalande, nkhope ikuyang'ana kwa adani, madokotala anawabweza kwawo, ndipo jombo inayo anapatsa mnzawo.